Timu Yotsiriza Isankhe Poyamba

Anthu akandifunsa chimene chinanditengera ku Dubai ndimayankha kuti fizi ya mwana, ndipo si bodza. Koma tsiku limene ndinatsimikiza mumtima kuti basi ndikupita, fizi sinali m'mutu mwanga n'komwe. Ndinali nditakhala pa chidebe m'mbali mwa bwalo la ntchemberembaye kwathu ku Luchenza, chala cha kuphazi chikuchucha magazi, titangokwapulidwa ndi timu ya a Chigayo zigoli 41 kwa 9.

Timu yathu inali Tiyesenawo, ya amayi ndi atsikana ogulitsa mumsika, ine senta komanso kaputeni. Tinkasewera opanda nsapato. A Chigayo ankatchedwa choncho chifukwa mwini timuyo, Mayi Nachisale, anali ndi zigayo ziwiri. Mayi amenewa sankaphunzitsa munthu mpira ayi. Ankangokhala pa mpando wawo wapulasitiki, ambulera kumutu, n'kumayang'ana amene akusewera bwino m'matimu a anzawo. Akamuona, mawa lake nsapato zafika kwa makolo ake pamodzi ndi thumba la ufa. Loweruka limenelo amene anatimwetsa zigoli zonsezo anali Chisomo, shuta wathuwathu, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuponya mpira mu limu ya njinga yokhomera pa mtengo wa mango.

Masewera atatha, Mayi Nachisale anadutsa pafupi n'kuyang'ana phazi langa.

"Pepa Esinati mwanawe," anatero. "Mpira wa masiku ano umafuna thumba."

Ndinayankha kuti zikomo amayi, monga mwana woleredwa bwino, koma m'kati ndinali kuwira. Sabata yomweyo ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa mayi wina wopezera anthu ntchito za m'nyumba ku Dubai, amene ndinakhala ndikumuzemba miyezi itatu. Mwana wanga Takondwa ndinamusiya ndi mng'ono wanga Alinafe. Timu ndinamusiyiranso yemweyo, ndi wezulo yomwe.

Ndisaname, ndinagwera m'manja abwino. Mabwana anga anali banja la ku Amereka, onse awiri aphunzitsi, ana awiri, nyumba ku Discovery Gardens. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa khitchini, kokwana bedi ndi sutikesi basi. Komabe miyezi yoyamba inandiwawa. Nyumba za kumeneko n'zofanana zonse, moti kawiri konse ndinasochera pochokera kotaya zinyalala. Munthu umakumana naye pamasitepe, umupatsa moni, iye maso pa foni. Ndinkalira ndikutsuka mbale, mpopi ndikuutsegula kwambiri kuti madamu asamve.

Chimene chinayamba kundiseketsa ndi mpira wa bwana. Nyengo yake ikafika, 6 koloko m'mawa bwana ali kale pa kanema ndi chipewa cha timu yawo, popeza kwawoko kumakhala kuli madzulo. Mpira wake amati besibo. Wina akuponya kampira, wina akudikira ndi chibonga, ena onse angoima uku akutafuna chingamu. Ine ndikupakira ana chakudya cha kusukulu, ndinapirira masiku angapo, kenako ndinafunsa.

"Bwana, kodi ayamba nthawi yanji?"

"Ayamba kale, Esinati. Papita ola."

Abale inu! Ndinathawira kukhitchini kukaseka.

Tsiku lina ndinawapeza atagwira kumutu, khofi atazizira. Ndinaganiza kuti kwawo kwagwa maliro. Ayi ndithu, woponya wawo wodalirika anali atapita ku timu ya mumzinda waukulu. Anandifotokozera kuti mu besibo timu imalipira osewera mmene thumba lake lingathere, moti pali matimu olemera amene malipiro awo amaposa a matimu ang'onoang'ono kangapo konse. Timu ya bwana inali mwa ing'onoing'onoyo. Imapeza mnyamata, kumuphunzitsa zaka, akangoti wapsa, olemera abwera kudzathyola.

Ndinaika supuni pansi. "Bwana, kodi kwanu kulinso a Chigayo?"

Ndinawasimbira zonse, za Chisomo, za thumba la ufa, za chala changa. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsiku limenelo timu yawo inapeza wochemerera wina wochokera ku Thyolo. Malamulo ndinawaphunzira pang'onopang'ono. Wathu akamenya kampira kaja n'kuyamba kuthamanga, ine ndi mopu m'manja, "Yalla! Yalla, mwana wa amayi!" monga amafulumizitsirana anthu a ku Dubai, mpaka madamu kutulukira kuti tidzutsa anansi. Tikamasewera ndi matimu olemera ndinkawatukwana m'Chichewa, bwana n'kumavomereza ndi mutu ngati akumva.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti nanga osaukawo sangosiya bwanji. Iwo anati pali tinthu tiwiri timene timawasunga. Chaka chilichonse achinyamata atsopano akamalowa, matimu amene anathera kumunsi ndiwo amakhala ndi mwayi wosankha poyamba. Komanso timu ikapyola muyezo wina wa malipiro imalipira chindapusa.

"Sizikwanira ayi," anatero bwana. "Koma pakanapanda zimenezi, bwenzi nditasiya kalekale kudzuka m'mawa. Ndani angaonere mpira woti akudziwa kale amene apambane?"

Ndinati zoona bwana. Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ine sindinkafuna chilungamo ayi. Ndinkafuna kuti wa ambulera ndikhale ine.

Lamlungu linali tsiku langa lopuma. Ndikatuluka m'tchalitchi ndinkapita ku Al Muraqqabat kwa mnzanga Misozi, wa ku Chipata, amene ankaluka tsitsi mu saluni. Ndikalandira, choyamba ndinkatumiza fizi ya Takondwa ndi ya chakudya, zimenezo sindinaphonyepo. Zotsala zonse zinkathera m'mashopu a nsapato a ku Deira, ndikunenerera mitengo mpaka mwenye wa m'shopu kukweza manja. Nsapato, masiketi ofiira, mipira, zonse m'katoni kupita ku Luchenza.

"Iwe Esinati, uli na bana bangati kansi?" ankatero Misozi. "Nsapato zonse izi! Khalas, zakwana basi! Habibi, wokondedwa wanga, sungako ndalama. Anzako bamanga manyumba."

"Ndikumanga timu," ndinkamuyankha. "Wakwiya ndi mfiti."

Ndiye mauthenga a Alinafe anayamba kubwera pa foni, mawu ake ali m'mwamba. "Achemwali, Chisomo wabwerera kwathu!" Patapita mwezi, "Achemwali, tatenga difenda wamtali uja wa a Chigayo!" Kenako senta wa timu ya kuesiteti ya tiyi, kenako ashuta awiri a timu ya kutchalitchi. Loweruka lililonse madzulo ndinkatumiza funso limodzi lokha, lakuti tawina kodi, iye n'kuyankha kuti tawina. Tsiku limene tinagonjetsa a Chigayo koyamba ndinavina ndekha m'chipinda chositira mpaka kutsala pang'ono kuwotcha malaya a bwana. Uthenga umenewo ndinaumvera mwina kakhumi. Kusungulumwa konse kunkathera pamenepo.

Bwana ndinkawauza kuti timu yanga yosauka ija tsopano ikupambana, iwo n'kumakondwera kuti mwaona, khama limalipira. Mmene inkapambanira sindinawauze. M'mawa ndinkatukwana matimu olemera a ku Amereka, masana n'kumafunsa Alinafe kuti kwatsala ndani wabwino woti titenge, ndipo sindinkaona chachilendo chilichonse.

Zitatha zaka zitatu kontirakiti inatha, ndipo ndinati ndikaone mwana. Bwana anandipatsa chipewa chawo chija, madamu analira, Misozi anandiperekeza mpaka pabwalo la ndege akundinyoza njira yonse. Ndinafika ku Luchenza Lachinayi n'kupeza Takondwa akundifika m'phewa. Lachisanu ndinagula mpando wapulasitiki ndi ambulera yaikulu kuposa ija ya Mayi Nachisale. Loweruka ndinavala magalasi akuda, kudzithira perefyumu wa ku Deira woti ntchentche kukomoka, ulendo wa kubwalo.

Ndinapeza udzu wofika m'mawondo. Mtengo wa golo umodzi unali utapendekeka, mbuzi itamangidwapo. Atsikana athu analipo, khumi ndi asanu ndi mmodzi, masiketi ofiira, nsapato zoyera mbee, atakhala pansi akusewera ndi mafoni. Kunalibe timu ina. Kunalibe amayi a zitumbuwa, a nzimbe, ngakhale akabaza amene kale ankadzaza mbali yonse ya kumsewu akuimba nyimbo zonyoza.

"Alinafe, anthu ali kuti?"

"Achemwali, iyi ndi sabata yachisanu. Timabwera, timadikira ola, ndiye kuti tawina."

Anandiuza kuti pa matimu asanu ndi limodzi aja, anayi anasiya. Ndani angayende wapansi kuchokera kuesiteti kudzamwetsedwa zigoli 60 kwa 3? A Chigayo okha ndiwo ankabwerabe mwa apo ndi apo, chifukwa cha liuma la mwini wake. Ashuta abwino onse a m'dera lathu anali kwathu, asanu, ndipo atatu mwa iwo chaka chinatha osakhudza mpira pa masewera enieni.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu munkafunsa kuti tawina. Ine ndinkayankha zimene mwafunsa."

Ndinakhala pa mpando wanga watsopano uja, ambulera osaitsegula. Manyazi anandigwira, ndipo mawu a bwana aja, amene ndinkayesa kuti anatulukira khutu linalo, anabwerera onse. Ine amene ndinkalirira Chisomo mmodzi ndinali nditameza dera lonse.

Lolemba ndinapita kuchigayo. Ndinapeza Mayi Nachisale ali mbuu ndi ufa, akuthira okha chimanga, popeza chigayo chinacho chinali chitawonongeka. Atandiona anazimitsa injini n'kuyamba kuseka.

"Wafika wa ku Dubai! Ndamva kuti mpando ndi ambulera wagula kale."

"Ndagula, amayi."

"Ine ndinkatenga mmodzi pachaka, mwanawe. Iwe wakokolola ngati mtsinje wa Thuchila utasefukira. Ndiye wabwera kudzandiseka?"

"Ayi amayi, ndabwera kudzapempha kuti tisewere."

Ndinawafotokozera za mpira wa chibonga uja. Anamvetsera akukuntha ufa pachitenje, kenako anati azungu amenewo ulesi wawo pabwalo ndi wodabwitsa, koma nzeru iyi yokha ndi yabwino.

Tinaitanitsa makaputeni onse, osiya aja omwe, pansi pa mtengo wa mango uja wa limu ya njinga. Panali phokoso, ena ankafuna ndipepese kaye, ndipo ndinapepesa. Tinagwirizana kuti timu iliyonse isunge osewera atatu, ena onse aime pamzere, timu yothera kumunsi isankhe poyamba, ina itsatire, mpaka mzere utatha. Nsapato zonse za ku Deira zinakhala za onse, zosungidwa m'thumba kwa mayi wina wa kutchalitchi n'kumagawidwa Loweruka m'mawa. Ine ndinasunga Alinafe, difenda wamtali uja ndi senta. Ndinkati ashuta alipo asanu, ndipo Chisomo palibe angalimbe mtima kumutchula ine ndili pomwepo.

Titayang'ana m'kope la Alinafe kuti wathera kumunsi ndani, tinapeza kuti osiya aja anasiya ali ndi mapointi awo. Wotsiriza anali amene ankabwerabe kudzagonja osapeza pointi ndi imodzi yomwe: a Chigayo.

Mayi Nachisale anaimirira pang'onopang'ono, kukonza mpango, kuyenda mzere wonse ngati akusankha tomato. Anafika kumapeto, kubwereranso, n'kundiyang'ana ine.

"Chisomo."

Mayo ine! Zaka zitatu za mopu, kutentha konse kuja, makatoni onse aja! Ndinatsegula pakamwa, koma Alinafe ananditsina pantchafu. "Lamulo ndi lanu lomwe, achemwali." Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba, ndipo pamapeto pake ndinaseka nawo, misozi ili m'maso.

Loweruka lotsatira tinatchetcha udzu, kuwongola golo, mbuzi kuisamutsa. Mbiri inali itamveka kuti a Dubai awalanda shuta, ndiye anthu anabwera kudzandiseka, ndipo anabwera ambiri. Akabaza anadzaza mbali yawo ija, amayi a zitumbuwa anayala mabeseni, Takondwa ali pakati pa anzake akuimba. Masewera oyamba anali ife ndi a Chigayo. Chigawo choyamba tinatsogola ndi ziwiri, chachitatu anatipeza, ndipo kuchokera pamenepo zinali iwo chimodzi, ife chimodzi. Mpando wanga sindinaukhalepo n'kamodzi komwe. Ndinkathamanga m'mbali mwa bwalo, chipewa cha bwana kumutu, "Yalla! Yalla!" anthu n'kumafunsana kuti Yala ndi mwana wa ndani. Itatsala pang'ono wezulo, zili 22 kwa 22, mpira unafika m'manja mwa Chisomo. Anaima monga ndinamuphunzitsira, chigongono m'kati, mawondo kupinda pang'ono. Ndinadziwa usanachoke n'komwe m'manja kuti walowa.

Bwalo linaphulika. Ine mawu anali atatheratu, thukuta mpaka perefyumu yense kusungunuka. Pa mauthenga onse aja a tawina, tawina, panalibe ndi umodzi womwe umene unandikoma ngati kugonja kumeneku. Luchenza sinkadikira kuti Esinati abwere kudzabwezera. Inkangofuna Loweruka loti munthu uchoke pakhomo usakudziwa kuti zitha bwanji.

Mayi Nachisale anadutsa pafupi, ambulera yawo yakale ija kumutu, n'kuima pamene anaima tsiku lija.

"Pepa Esinati mwanawe."

"Musapepese, amayi," ndinanong'ona ndi timawu totsalato. "Mukapitiriza chonchi, chaka chamawa wosankha poyamba ndine."