Kapu Yobiriwira ya a Consolata

A Consolata ndinakhala nawo chipinda chimodzi ku Ivory Park, kudziko la eni, zaka zinayi. Kwawo kunali ku Thyolo, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand: kuchapa, kusita, kukolopa. Malaya akawasita iwo, mzere wake unkaonekera patali. Tiyi ankathira shuga masupuni anayi, ndipo ndinkawaseka kuti amamwa phala la shuga.

Loweruka lina tikuyanika zovala panja, anagwa n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa. Ine mnzawo ndinathawa. Ndikunena izi ndi manyazi. Kwathu tinakula tikuuzidwa kuti khunyu munthu amatengera m'malovu, ndiye tonse amene tinalipo tinaima patali.

Mawa lake anagula kapu yobiriwira n'kumaisunga pawindo, kutali ndi makapu ena. Palibe anawauza kuti atero. Inenso sindinawaletse, ndipo mumtima ndinkafuna atangosamuka. Anamwera kapu imeneyo miyezi isanu.

Atagwa kachitatu ndinawaperekeza kuchipatala. Anawatenga magazi ndi madzi a pamsana. Tsiku lokamva zotsatira tinapeza kuti dokotala wake anali mwana wakwathu, a Chikosa.

"Mayi, thupi lili ndi asilikali ogwira tizilombo toyambitsa matenda," anatero adokotala. "Ena mwa anuwa asokonezeka. Akumakakamira pa timitsempha ta mu ubongo wanu womwe, ndiye mauthenga a m'mutu amangothamanga onse nthawi imodzi. Kugwako kukuchokera pamenepo. Tikupatsani mankhwala oletsa kugwa, ndi ena oziziritsa asilikaliwo."

"Nanga anzangawa ndingawapatsire?" anafunsa a Consolata. Zoti achira kapena ayi sanafunse n'komwe.

"Ngakhale pang'ono. Nthendayi siyopatsirana."

Tinakwera takisi yobwerera. Ine ndinkangoganiza kuti mayiwa thupi lawo lawaukira, nanenso ndawaukira, koma asilikali aja bola, sankadziwa chimene akuchita. Zinandiwawa kwambiri.

Titafika ndinatereka madzi. Ndinatsitsa kapu ija pawindo, n'kuthira tiyi ndi shuga wawo yense uja. Atamwa theka ndinawalanda kapuyo n'kuika pakamwa panga, pomwe panali pakamwa pawo.

"Eish, amake Bridget, mukutani?"

"Ndikulawa phala lanuli."

Tiyiyo anali wotsekemera moipa, koma ndinamaliza yense. Anaseka pang'ono, kenako anadziphimba kumaso ndi chitenje.

"Miyezi isanu," anatero ali m'chitenjemo. "Ndimaona ngati simukuona."

Ndinkaona.