Njinga ya Malemu Anaiveka Chitenje cha Chipani

Malemu amuna anga, a Selemani, anandichenjeza kalekale: "Makaniko akakusekerera mano onse, werenga mateyala." Ine ndinawerenga. Anali awiri. Koma andipusitsabe.

A Mkonzi, poti masiku ano a matipate akuti aliyense alankhule, nanenso ndilankhula. Kalatayi ndalemba ndekha ndi dzanja langa la sukulu ya kwacha. Sindinatume mdzukulu. Ana a lero ukawauza kuti lemba "wakuba", amalemba "bambo wina".

Nkhani ndi ya njinga yamoto imene malemu anandisiyira. Si timithuthuthu ta alangizi a zaulimi iti ayi. Ndi chinjinga chofiira cha ku Italy, cha masilinda awiri, zogwirira zake zili pansi moti wokwera amachita kugonera thanki ngati akuthawa mvula. Anawapatsa ndi mzungu amene ankamuphikira, nthawi imene mzunguyo ankamanga milatho ya msewu wathu uno. Injini yake ili ndi zipsepse ngati chambo, ndipo malemu ankati zipsepsezo ndizo moyo wake. Njingayi siimwa madzi ngati galimoto, imazizira ndi mphepo basi. Ikamathamanga imapuma, ikamakwawa imapsa.

Lachisanu lililonse malemu akachoka ku mzikiti ankaiponda kiki, n'kuisiya ilire pang'ono pabwalo, nkhuku zonse balala. Ndiye ine ndinalumbira kuti pa sadaka yawo, tikangokolola mpunga, njingayi idzalira, abale amve.

Vuto lake linali laling'ono. Inkatsokomola mbali imodzi. Akamwini anga, bambo a Asiyatu, amene amaikwera ndikawalola, anati akudziwa katswiri pa Benga pompano. Dzina lake ndibisa, koma mwiniwake amadzitcha Injiniya. Galaja yake ndi mtengo wa mango ndi kanyumba ka malata.

Tinaikankhira kumeneko Lolemba m'mawa. Injiniya anatilandira ndi mano onse, mpaka a kumapeto. Anailiza, anatchera khutu, nati kabureta yada ndipo pulagi imodzi yatopa. "Agogo anga, izi n'zamasewera. Lachitatu mudzaitenga ikuimba." Anandilipiritsa K120 yoyambira.

Ine sindine mwana. Petulo yense ndinamutsanulira m'chigubu, n'kukamubisa kuseri kwa matumba kunyumba. Kiyi ndinamumangirira m'chiuno. Ndinati ndatseka njira zonse.

Lachitatu ndafika, pansi pa mango palibe njinga.

"Ili m'nyumbamo, agogo, tikuopa fumbi."

"Ndiione."

"Kiyi wa nyumba wapita ndi alamu ku Dwangwa."

Ataona kuti sindikusuntha, anakoka beseni lodzaza zitsulo. Akuti matenda apezeka aakulu, aimasula yonse, akudikira sipeya kuchokera ku Lilongwe. Ndinagwada n'kununkhiza. Fungo la usipa lokhalokha. Ndinavundula ndi ambulera yanga, n'kutulutsa chopalasira madzi cha injini ya boti.

"Bambo Injiniya, kodi malemu ankapita ku Likoma pa njingayi ine osadziwa?"

Munthuyo sanaphethire. "Za ku Italy n'zovuta, agogo. Kumeneko misewu ina ndi madzi okhaokha."

Ndinaseka, sindinama. Wabodza waluso amasangalatsa. Koma nditafika kunyumba n'kuwafotokozera akamwini, iwo anangoyang'ana zala za kumiyendo. "Amayi, tiyeni tingodekha." Apo m'pamene ndinayamba kuwakayikira. Munthu akayamba kukuuza kuti dekha, pali chimene wadya.

Loweruka cha m'ma 11 koloko ndinali pamsika, ndikugula mchere ndi sopo za pa sadaka. Ndinangomva ng'oma ndi nthungululu zikuchokera kumsewu. Unali msonkhano wa bwana wina amene akufuna kukhala phungu. Chipani chake sinditchula, onsewa zitenje zawo zimasuluka mofanana. Koma pansi pa ng'omazo panali kulira kwina. Du-dum, du-dum, du-dum. Mchere ndinausiya pomwepo. Mawu amenewo ndakhala nawo pabanja zaka zambiri, sindingawasokoneze ndi chigayo.

Apa ndinene chilungamo. Mbali zonse ziwiri zinkalira bwino, popanda chifuwa. Mbava ija inali itaikonza, ndipo inaikonza bwino. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chimenecho.

Kumsewu ndinapeza amayi akuvina, bwana uja ataima pa galimoto akubayibitsa, ndipo patsogolo pa onse pali chinthu chokutidwa ndi chitenje cha chipani kuyambira pa thanki mpaka pansi, chomangidwa ndi linya kuti thi! Anaikuta dala kuti ine ndisaone kufiira kwake. Nkhope ya bwanayo inali ndendende pa zipsepse. Pamwamba pake pali Injiniya, atavala magalasi akuda. Kiyi ali m'chiuno mwanga, iye atangolumikiza mawaya.

Ndiye liwiro lake! La amayi ovina: mapazi awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Dzuwa la kunyanja kuno lili paliwombo. Nyimbo ikafika pokoma, Injiniya n'kumapotokola mafuta, vuu, vuu, anthu m'manja. Njinga yopuma mphepo, aifunditsa ngati wodwala malungo, n'kumaiyendetsa ngati ikupita kumanda. Kodi sukulu ya uinjiniya imeneyi ili kuti?

Ndinathamanga, ine wa mawondo awa. Ndinakuwa kuti, "Ivuleni! Ivuleni!" Mayi wina anamva ngati ndikuti "avotereni", n'kundiimbira nthungululu m'khutu.

Kenako fungo, ngati mandasi opserera. Nkhope ya bwana pachitenje paja inayamba kuda, kuyambira pamphuno. Utsi tolo! Njinga inati kho, kho, kenako zii. Ng'oma nazo zii.

Anyamata a chipani anathamangira ku mjigo ndi ndowa. Malemu ankanena kuti injini yotentha ukaithira madzi ozizira imang'aluka ngati mphika wadothi. Ndinatambasula ambulera n'kuima patsogolo pake. "Wofuna kuthira, athire ine!" A Mkonzi, anthu a ndale amamvera zofuna za anthu. Ndowa yoyamba inathera pa ine.

Ndili chinyowere, ndinang'amba linya lija n'kuivula njinga ya amuna anga pamaso pa Benga yense. Injiniya anachotsa magalasi.

"Agogo anga, timaiyesa. Njinga ikakonzedwa imafunika kuyesa pamsewu."

"Ndi ng'oma?"

"Ndi demokalase, agogo."

"Demokalase inanena kuti katundu wa amasiye ndi wa aliyense? Nanga sipeya za ku Lilongwe zija zabwera zikuvina?"

Bambo wina wa tayi anatsika pa galimoto ija, nandigwira dzanja mwaulemu. Akuti ndisadandaule, bwana akapambana adzandigulira yatsopano. Ndinafunsa kuti nanga akalephera? Anandipatsa chitenje.

Potembenuka, maso anga anagwa pa munthu wobisala kuseri kwa galimotoyo, atavala sikipa ya chipani yatsopano, m'manja muli chigubu changa chopanda kanthu. Akamwini anga! Petulo uja ndinabisa kuseri kwa matumba, anamunyamula ndi munthu wodya m'mbale zanga.

"Amayi, ndimati ndikuuzeni."

"Liti, bambo a Asiyatu? Mavoti akawerengedwa?"

Amayi ovina aja anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndiwayamike, chifukwa ndiwo anandithandiza kukankha njinga mpaka kunyumba, akuimba nyimbo yomweyo ya chipani koma atalowetsamo dzina la Injiniya m'malo osayenera kulemba m'nyuzipepala. Akamwini ankabwera pambuyo ndi chigubu. Mpaka lero akudyera kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wanga ndiye anagamula zimenezo, osati ine.

Pano njinga ili kuchipinda kwanga. Kiki sikutsika. Ndaimapo ndi thupi langa lonse, yangouma gwa. Dalaivala wina wa lole wandiuza kuti mwina pisitoni yagwira, ndipo akuti zotere zimachira zikapeza manja odziwa. Iyenso sindikumukhulupirira kwenikweni, koma mawu akewo ndawasunga.

Tsono bambo Injiniya, ndikudziwa kuti nyuzipepala mumawerenga, chifukwa ndinaona mukukulungira mabawuti. Ndiyankheni. Anakupatsani chilolezo chokweza njinga ya malemu pa ndale ndani? Ngati munadziwa kutsuka kabureta, zinakukanikani bwanji kudziwa kuti zipsepse sizivala? Nanga mwini wa injini ya boti ija mukumuonetsa beseni la ndani? Dzulo munatumiza uthenga woti ndiibweretsenso, mudzaikonza ulere. Zikomo. Ng'ona ikakuphonya kamodzi sukasambanso padooko pomwepo.

Inu a ku Malengachanzi mpaka ku Bua, nyengo ino ya misonkhano musasiye chilichonse cha mateyala kwa munthu. Ngakhale wilibala. Mudzaipeza itavala.

Mpunga wayamba kuwerama, sadaka yayandikira. Abale a malemu adzachokera kutali, ndipo ine ndinawauza kale kuti adzamva njinga ya mbale wawo. Sindikufuna kudzawaonetsa chitsulo chongokhala chete. Ndiye ngati pali wina mwa inu owerenga amene anatsegulapo injini yozizira ndi mphepo, kaya munaphunzira ku mishoni kaya ku Joni, chonde dzandioneni. Mukatsika pa Benga mufunse kwa agogo a ambulera, ndi ana omwe akulozerani. Ngakhale inu osadziwa sipanala, bwerani tidzacheze, pakhomo pano pachita zii. Tiyi alipo, chinangwa chilipo. Wokonzayo adzagwirira ntchito kuchipinda komweko, ine nditakhala pakhomo. Ikadzalira, mbale yoyamba ya mpunga ndi nyama idzakhala yanu.

Koma potuluka ndidzakupisani m'matumba. Musadzakhumudwe. Ndi a shehe omwe amadziwa.

Ndine,
Agogo a Asiyatu,
Benga.