Mwalakwitsa, Bwana: Gracian ndi Tauni Yotsata Njanji

Kulephera mayeso chifukwa chosadziwa kumawawa, koma kulephera yankho lili pakamwa kumapweteka koposa. Gracian anazimva zimenezi masana ena ali mumdipiti wa magalimoto pamsewu waukulu wa I-95, akubwerera kunyumba ku Woodbridge, kalata ya zotsatira za mayeso ili pampando wa pambali. Anali atalephera kachiwiri. Kampani ya sitima komwe ankafuna ntchito ya ukondakitala inkalola munthu kuyesa katatu basi.

Gracian anakulira ku Balaka, m'kanyumba kogwedezeka sitima ikamadutsa. Bambo ake anali okonza njanji, ndipo atamwalira, sukulu ya mwana inathera pomwepo. Kuno ku America anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akusambitsa ndi kudyetsa okalamba, uku akubwezeretsa sukulu ija pang'onopang'ono. Malamulo a njanji anawaloweza ngati katekisimu.

Nanga chinavuta n'chiyani? Pa mayeso apakamwa, woyesa amakuuza njanji yoti sitima ilowe, iwe n'kubwereza. Nthawi zina amatchula dala nambala yosiyana ndi ya papepala kuti aone ngati ungamukanire. Woyesa Gracian anali bambo wa imvi mbuu. Atalakwitsa, Gracian anamva bwinobwino, koma pakamwa panangotuluka "chabwino, bwana". Kawiri konse. Mwana woleredwa bwino ku Balaka satsutsa wamkulu pamaso. Ulemu womwe unamupezera mkazi ndi umene unkamulanda ntchito.

Mkazi wakeyo, Callista, ndi namwino wosadziwa kunyengerera munthu.

"Bambo a Nicole, ulemu wanuwo udzawombanitsa sitima. Ameneyo si apongozi anu, ndi examiner. Muuzeni straight."

Kunena n'kosavuta. Gracian anachita manyazi, ndipo anaganiza zongosiya.

Nthawi imeneyo ankasamalira a Ferdinand a ku Bowie, mzungu wa zaka 88 amene anakalambira pa ntchito ya njanji. M'mawa mwake, akuwameta ndevu, anawaululira zonse. Nkhalambayo sinamumvere chisoni. Inangoyamba kusimba za kwawo, kutali kumadzulo kwa dziko lino.

Kalelo, anatero, kwawoko kunalibe tauni. Kunali kamudzi ka nyumba khumi ndi zinayi m'mbali mwa mtsinje. Atafika oyeza njira ya njanji, injiniya wamkulu analamula kuti siteshoni ndi thanki yomwetsera sitima zimangidwe pafupi ndi mtsinjewo. Onse anavomera kupatula agogo awo a Ferdinand, amene ntchito yawo inali kungokoka tcheni choyezera. Iwo anali ataona zinyalala za madzi osefukira zitakodwa m'nthambi za mitengo, pamwamba poposa mutu wa munthu. Anamuuza injiniya pamaso pa anthu kuti walakwitsa.

Injiniyayo anapsa mtima, komabe anapita kukaona, ndipo siteshoni anaisamutsira pamtunda, mamailosi atatu kuchoka pamtsinje. Eni mudzi sanadikire kuuzidwa. Anakweza nyumba zawo zamatabwa pa zipika, akavalo khumi ndi awiri n'kumazikoka imodziimodzi kutsata njanji. Sitolo, tchalitchi ndi sukulu zinamangidwa moyang'ana siteshoni. Patatha zaka zinayi, mtsinje unakokolola malo akale aja osasiya ndi mzati womwe.

"Tauni yathu inabadwa chifukwa munthu wamng'ono anatsegula pakamwa," anatero a Ferdinand. "Kuyambira mawa ndizikunamiza. Ukapanda kunditsutsa, phala lako sindilawa."

Sizinali zocheza. M'mawa uliwonse ankasimba nkhani yomweyo atasinthamo kanthu kamodzi. Tsiku loyamba akavalo anasanduka asanu. Gracian anangomwetulira, phala linazizira m'mbale. Tsiku lachiwiri anayesa kuzemba, nati mwina ndi iyeyo amene sanamvetse bwino dzana. Nkhalamba inakankha supuni n'kuyang'ana pawindo. Tsiku lachitatu akavalo atasandukanso asanu, Gracian anachita mantha kuti kholo la eni limufookera m'manja, ndipo ananena kuti akavalo anali khumi ndi awiri. A Ferdinand anayasamula, nameza phala ngati palibe chachitika.

Zinapitirira choncho miyezi isanu ndi umodzi. Masiku ena Gracian ankabwerera m'mbuyo, makamaka a Ferdinand akakweza mawu n'kumenya tebulo kuti mwana wa dzulo sangawaphunzitse mbiri ya kwawo. Koma m'mawa mwake ankabweranso ndi mbale yake ya phala. Anaphunzira kuti munthu ungathe kukana ulemu uli pomwepo.

Tsiku la mayeso omaliza anapeza woyesa yemwe uja, imvi zomwe zija. Mafunso anayenda bwino. Kenako bamboyo, osamuyang'ana n'komwe, anati sitima ilowe njanji yachinayi. Pepala linkati yoyamba. Gracian anamva ngati akufuna kutsutsa bambo ake omubereka.

"Mwalakwitsa, bwana. Pepala likuti yoyamba. Sindilola sitima kunyamuka mpaka mukonze."

Woyesayo anavula magalasi, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba kanthu papepala. Gracian anakhoza.

Lero ndi kondakitala pa sitima zam'mawa zotengera anthu kuntchito ku Washington. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amayendetsabe galimoto mpaka ku Bowie. A Ferdinand tsopano ukalamba wawalanda zambiri, ndipo akalakwitsa sakhalanso akuchitira dala. Tsiku lina anasimba kuti agogo awo anangovomera zonena za injiniya n'kupitiriza kukoka tcheni chawo. Gracian anawagwira dzanja, misozi ikulengeza.

"Ayi, bambo, mwalakwitsa. Agogo anu anakana."

Nkhalamba inamuyang'ana, inamwetulira, n'kufunsa ngati phala lapsa.

Mwina nanunso mwagwa kawiri, ndipo mwatsala ndi mwayi umodzi. Mwina chomwe chikukugwetsani si umbuli ayi, koma khalidwe labwino lomwe mwalinyamulira malo olakwika. Musalitaye, liphunzitseni kuyankhula. Pezani wokunolani, mubwerenso mawa ndi mbale yanu ya phala. Musataye mtima, ndipo nthawi yanu ikakwana, tsegulani pakamwa.