Za Dzulo

Chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino ndinalephera mayeso a m'wodi. Ndinalongedza chikwama, n'kukwera minibasi pa Chitakale, ndipo nditafika kwathu ku Limbuli ndinawauza amayi kuti sindidzabwererakonso. Ndine wa mtima wapachala, ndipo masiku amenewo chilichonse chinkandinyansa: nyemba za kuhositelo, aphunzitsi, ngakhale phiri lalikulu la m'dera lathu.

Amayi sananditsutse. M'mawa mwake anangondisenzetsa beseni la nandolo. "Tiye, undiperekeze."

Ndinkadziwa kumene tikupita. Chaka chilichonse akakolola, amayi ankapita kwa mayi ena achisilamu a kuseri kwa msika. Kwathu munthu akakuchitira chabwino, kukacha umapita kukanena kuti "zikomo za dzulo." Koma amayi ankanena mawuwa chaka ndi chaka kwa munthu amene dzulo lake sanaonane naye n'komwe. Ine ndinkangoti n'chimidzimidzi.

Tinawapeza atakhala pakhonde, atakalamba, maso osaonanso. Amayi anagwada n'kuwomba m'manja. "Tabwera kudzathokoza za dzulo."

Pobwerera ndinalephera kuugwira mtima. "Kodi amayi, dzulo lake liti limeneli?"

Anaima panjira. "Tsiku limene ndinawoloka kuchokera ku Mozambiki, nkhondo ili m'mbuyo, ndili ndi nsalu imodzi yokha. Makomo anayi ananditsekera. Awa anatsegula, osandifunsa mpingo. Anandipatsa chikho cha madzi, kenako kamunda. Iwe unabadwira m'dzulo limenelo, ndiye ukufuna lithe bwanji?"

Ndinayang'ana phiri litaima pamwamba pa minda ya tiyi, mutu wake uli m'mitambo, ndipo ndinachita mantha ndi kukula kwa zimene ndinalandira ndisanabadwe.

Lolemba ndinabwerera kusukulu. Ndinayamba mwamanyazi. M'mawa uliwonse ndinkafunafuna munthu mmodzi woti ndimuthokoze za dzulo: ophika, okolopa m'wodi, mnzanga wondibwereka manotsi. Tsiku lina ndinathokoza aphunzitsi amene anandilepheretsa aja, iwo mpaka anavula magalasi. Sindinasanduke mngelo ayi, kupsa mtima ndikadali nako, koma nthawi yonyinyirika inayamba kundichepera. Mayeso obwereza ndinakhoza.

Chaka chomaliza, mayi osaona aja anagonekedwa m'wodi imene ndinkaphunziramo ntchito. Ndinawasambitsa, kuwadzoza mafuta ndi kuwamwetsa phala, osawauza kuti ndine mwana wa yani. Kutacha anamva mawu anga, n'kupapasa mpaka kundigwira mkono.

"Anesi, sikomo za dzulo."

Ndinagwada pasimenti pomwepo, osaganizanso za yunifolomu yoyera. "Ayi amayi, tithokoze ndife. Ndine mwana wa amayi a nandolo aja."

Anandipapasa kumaso ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano.

"Ha! Chikho chimodzi cha madzi chija chakula chonchi?"