Kompyuta ya achemwali itakana kuyaka

Mpaka lero fungo la katoni yatsopano limandibwezera ku Dedza, m'nyumba ya amalume pafupi ndi makina ochekera matabwa, m'munsi mwa phiri. Unali mwezi wa Juni, patangopita zaka zochepa chiyambireni matipate, ndipo kunkazizira moti madzi a m'ndowa ankaluma zala. Nkhungu inkatsika m'mapaini mpaka pakhomo, utuchi n'kunyowa, ife n'kumapita kusukulu manja ali m'khwapa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Achemwali anga, a Esinala, anali atangomaliza maphunziro a kompyuta ku Lilongwe. Msuweni wathu wa ku Joni anawatumizira zipangizo za kompyuta pathiraki, chilichonse m'katoni yakeyake, kuti alumikize okha n'kutsegula malo otayipira makalata paboma. Amalume, amene mawu awo pamtundu pathu ndiwo anali omaliza, anaika malire: chinthucho chikapanda kugwira ntchito pomatha mwezi, achemwali abwerere kwathu ku Mayani kukathandiza amayi kukumba kachewere. Achemwali sanatekeseke ngakhale pang'ono. Anangoti chiyaka basi.

Tsono amalume anali makaniko kumakina a matabwa kuja, ndipo sakanalola kuti chitsulo chimangidwe m'nyumba mwawo popanda dzanja lawo. Loweruka lina achemwali ali kumsika, iwo anatenga bolodi lobiriwira lomwe zonse zimalumikizidwapo n'kulimangirira m'bokosi lake lachitsulo. Analimanga monga ankamangira injini, gwa, kukhudzana ndi chitsulo, poti kwa iwo makina ogwedera ndiwo amadula anthu zala. Tizitsulo tachikasu tomwe tinatsala m'kapepala anatiponya m'chitini chawo cha misomali, ati opanga zinthu amakonda kuwonjezera zopanda ntchito.

Achemwali atabwera anathokoza, analumikiza nthambo zotsala, n'kudina batani. Kafani ka m'kati kanazungulira kamodzi n'kuima. Zii. Anadinanso, chimodzimodzi. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa iwowo ndiwo ankandiluka tsitsi ndi kunditenthetsera madzi m'mawa, ndipo sindinkafuna kutsala ndekha pamenepo.

Masiku otsatira ankayesa chimodzichimodzi, osathamanga. Soketi anaiyesa ndi wailesi ya amalume, wailesi inalira. Nthambo iliyonse anaizula n'kuibwezera. Timakadi tosungira zinthu anatipukuta n'kutikanikizanso mpaka titalira kuti tha. Malangizo ndiye sanasowe, paja ku Dedza aliyense ndi dokotala. Wina anati mwalowa nkhungu, aiwothetse pambaula. Akazi a amalume anaifunditsa bulangete. Mayi wina woyandikana nafe ananong'ona kuti pali amene sakukondwa nazo. Achemwali ankangoseka, ndipo kuseka kwawoko kunkandipsetsa mtima zedi, masiku akutha chonchi.

Lamulungu titabwera ku Misa, kutatsala masiku anayi, achemwali anagwada pafupi ndi mpando wa amalume. Anawapempha kuti awamasulire bolodi lija, ati pomwe amanga amalume manja a mtsikana sangapathe. Pamenepo sananame. Amalume anamasula monyadira, ndipo achemwali analigoneka pakatoni, patebulo, nthambo zake zili balala, n'kuwapempha kuti adine okha.

Kafani kanazungulira osaimanso. Kenaka kunamveka kuti pii, ndipo zilembo zoyera zinayamba kutsika pagalasi. Ine ndinalumpha mpaka kugunda mbaula. Amalume sanaseke. Anauza achemwali kuti azimitse, anatembenuza bolodilo n'kuyang'anitsitsa timinga tamtovu takunsi kwake, kenaka anayang'ana m'bokosi lachitsulo lija. Anadzuka okha kukatenga chitini cha misomali, n'kukhuthulira zonse patebulo.

"Iwe Esinala, bolodili limafuna mipando," anatero akusankha tizitsulo tachikasu tija. "Likagona pachitsulo, moto umathawira m'bokosi."

"Ndiye mwatipulumutsatu, amalume," anayankha achemwali, maso ali pansi.

Dzuwa lisanapendeke kompyuta inali itayaka ili m'bokosi mwake. Mawa lake kumakina konse kunamveka kuti amalume akonza kompyuta yomwe inakanika munthu wophunzira ku Lilongwe. Sabata yomweyo amalume anaikhomera tebulo lapaini, n'kukafunsira okha chipinda kuseri kwa msika.

Nyengo yonseyo ine ndinkakhulupirira kuti nzeru zinali za amalume, ndipo ndinkawachitira manyazi achemwali, kuti sukulu yonse ija n'kudzagonja kwa munthu wa sipanala. Ndili wamkulu, ana anga akusewera pakhonde la malo awo otayipira aja, ndinawakumbutsa achemwali nkhaniyi mowaseka. Anandiuza kuti vutolo analiona tsiku lachitatu. Akanalitchula pomwepo kompyuta ikanayaka ndithu, koma bambo amene wachititsidwa manyazi m'nyumba mwake sasowa chifukwa china chokubwezera kumudzi. Ndiye anapirira kusekedwa milungu iwiri, kudikira kuti amalume adziwonere okha. Kachewere wa chaka chimenecho amayi anakumba ndi aganyu.