Jakisoni wa Mayi Zulmira

Mayi Zulmira ankagulitsa tchizi pamsika, koma ankatchuka ndi ntchito ya tsiku limodzi pachaka. Lachisanu Loyera lililonse ankavala zakuda ngati Veronika, mayi uja anapukuta nkhope ya Yesu pa njira ya mtanda, kukwera pakampando pamphambano, kutambasula nsalu ya nkhope ya Yesu n'kuimba nyimbo yachisoni. Mawu awo anali ang'ono, okoma moti ngakhale zidakwa zinkagwetsa misozi. Ine ndinkaimba nawo kwaya, ndipo kunena zoona, matama awo ankatitopetsa.

Chaka china anagwa pachitunda n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Dokotala anati mafupa awo afumbwa, ndipo anawalembera jakisoni wa nandrolone, kamodzi pamwezi, wobwezeretsa mnofu ndi kulimbitsa mafupa. Anafotokoza kuti mankhwalawo ndi mphwake wa timadzi ta m'thupi tomwe timameretsa amuna ndevu, kungoti akatswiri anachotsapo kachidutswa kamodzi ka kaboni. Anawachenjezanso kuti mawu akayamba kusasa asiye msanga, chifukwa akatsika sabwereranso.

Mayi Zulmira anangotolapo za kachidutswako. Ankauza aliyense kuti chimuna chonse chinali m'menemo, ndipo azungu anachitaya kale.

Kenako anamva kuti ansembe ayamba kuphunzitsa mpongozi wawo Odete nyimbo ya Veronika. Tulo tinawathera. Anapita kwa Valdecir, wonyamula zitsulo amene ankabaya anzake jakisoni yemweyo kuseri kwa garaja kuti akule minofu, n'kumuuza kuti aziwabaya sabata iliyonse.

"Amayi, zimenezitu si zamasewera," anatero Valdecir.

"Iwe baya. Matewera ndinkakusintha ndine."

Pofika Lenti ndodo yoyendera anali ataitaya. Ankakwera chitunda cha kutchalitchi atasenza dengu la tchizi, ife tili wefuwefu m'mbuyo. Mawu atayamba kusasa anati n'chimfine, n'kumamwa uchi ndi ndimu. Tonse tinkamva, koma ndani akanayerekeza kuwauza?

Lachisanu Loyera anakwera pakampando popanda wowagwira dzanja. Anatambasula nsalu n'kutsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka chinali ngati kulira kwa ng'ombe. Ana anaseka. Anayesanso kachiwiri, kenako anangoima chilili nsalu ili m'manja, mpaka Odete anailandira nyimboyo ali m'gulu. Ine amene ndinkalakalaka matama awo atatha, zinandiwawa.

Ansembe athu sakonda kuwononga mphatso za Mulungu, choncho chaka chotsatira anawaika m'gulu la amuna onyamula chithatha cha chifanizo cha Yesu wakufa. Mpaka lero amanyamula, kutsogolo, osasinthana ndi munthu. Odete akayamba kuimba, milomo yawo imayenda nawo, koma mawu satulutsa.