Ntchentche pa Maliro a Nabanda

Ndili m'tchalitchi pa maliro a mkazi wanga Nabanda, koma mwiniwakeyo wakhala pamwamba pa bokosi, akugwedeza mapewa, mdzukulu wathu ali kumsana. Akwaya akati ayimbe, mkamwa mwawo mukutuluka ntchentche zobiriwira. Zikutera pa nyama, koma anthu akungodya, mafuta akuyenderera mpaka m'zigongono.

"Bambo a Chikondi," akundikodola Nabanda, "ine ndiikidwe chonchi, popanda nyimbo? Yambitsani inuyo!"

Ndikuyesa, koma kukhosi kwanga kwadzaza tsitsi lonyowa. Ndikulikoka, silikutha. Alamu anga apanira kale wailesi ya Nabanda m'khwapa, akutuluka uku akutokosa m'mano.

"Basi, ndidziyimbira ndekha," akutero Nabanda, n'kudzitsekera m'bokosimo.

Ndadzuka kutulo, koma ngakhale tiyi wandikanika kumwa.